Diso Limene Ndinapulumutsa ndi Mano

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaluma munthu wamkulu mpaka magazi kutuluka, ndipo mpaka lero sindinapepese. Amene ndinawalumawo anali a Nankhoma, akazi a amalume anga, amene ndinkawaitana kuti azakhali. Anthu a kwathu ku Lisasadzi akamakamba nkhaniyi amayambira pa mano. Ine ndiyambira pa maso, chifukwa nkhani yake inali ya maso.

Mayi anga atamwalira, amalume ananditenga monga mwambo umanenera. Kunena kuti ananditenga n'kuwakometsera chabe, chifukwa sindinasamuke mudzi ayi. Ndinangochoka m'nyumba ya mayi n'kulowa m'nyumba yoyandikana nayo, mkeka wanga kumutu. Munda umene amalume ankalimamo fodya unali wa mbumba yathu, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku lina udzakhala wanga. A Nankhoma anabwera pamudzipo pa chitengwa. Ankadziwa bwino kuti amalume akadzatisiya, iwo adzalongedza madengu awo kubwerera kwawo, ine n'kutsala. Ndikuganiza kuti akandiyang'ana sankaona mwana wamasiye. Ankaona mwinimalo wamng'ono amene akungodikira kuti mlendo atsazike.

Maso anga anayamba kuvuta mayi akadali moyo. Chaka ndi chaka, fodya akauma m'chigafa ndipo tayamba kusankha, iwonso ankayamba. Ankapumula pang'ono, kenaka mphepo ya fumbi ikayamba kuomba m'miyezi yotentha ankayambiranso. Kuyabwa kwake sikunali ngati kwa udzudzu kumene ukakanda kumatha. Kunali mkati mwenimweni mwa zikope, ngati wina wathiramo chitedze, maso onse awiri. Ndinkatikita ndi zibakera, ndi nsonga ya chitenje, nthawi zina ngakhale ndi bondo ndikakhala pansi. Ndikatikita ndinkamva kukoma kwa kanthawi, kenaka ankayabwa koposa poyamba. Misozi inkangotuluka yokha, ndiponso timanthongo toyera tonanda ngati therere. Mbali yoyera ya diso inasanduka yofiirira moderako, ngati madzi a pachithaphwi. Mayi ankanyowetsa kansalu m'madzi ozizira a mumtsuko n'kundiika pamaso, ndipo ndinkapezako bwino. Sankadziwa dzina la matendawo, koma ankadziwa mwana wawo.

Kwa amalume kunalibe kansalu. Kunali fodya. Amene sanasankhepo fodya sadziwa fumbi lake. Umakhala pansi m'chigafa, mulu wa masamba patsogolo pako, n'kumapatula lowala kwalokha, lofiira kwalokha, long'ambika kwalokha. Tsamba lililonse ukalitambasula limatulutsa kafumbi kowawa kamene kamakhala pa lilime, m'mphuno ndi m'tsitsi. Dzuwa likamalowera m'mipata ya udzu umaliona fumbilo likuyandama. Ine ndinkasankha maso atatupa, ndikuyetsemula, ndipo ndikakweza dzanja kuti nditikite ndinkapaka fumbi lomwelo m'maso.

“Ulesi umenewo,” ankatero azakhali. “Maso anji oyabwa pokhapokha pakakhala ntchito?”

Chimene chimandipweteka n'chakuti pamenepo anaona zoona. Maso ankayabwadi ndikalowa m'chigafa. Anaona chizindikiro chenicheni cha matenda anga, koma anachitenga n'kuchisandutsa ndodo yondimenyera.

Poyamba ankati ndi linaso, matenda a maso opatsirana aja. Anandipatula beseni langa, kansalu kanga kopukutira kumaso, ndipo anandiletsa kunyamula mwana wawo Yamikani, amene anali akuyamwa. Koma linaso aliyense amalidziwa. Likalowa m'nyumba limagwira uyu ndi uyu, m'mawa zikope zimamatana ndi mafinya, ndipo pakapita masiku angapo limachoka. Matenda anga sanagwire munthu aliyense ndipo miyezi inkatha osachoka. Munthu wofuna kuganiza akanati, ndiye kuti si linaso, tiyeni tikafunse kuchipatala. Koma pamudzi pathu anayamba kufunsana motsitsa mawu kuti ndi matenda anji amene amasankha munthu mmodzi yekha.

Mayi wina woyandikana nafe ndi amene anawauza azakhali kuti mankhwala a maso a mwana ndi mkaka wa m'mawere. Anthu ambiri amachita zimenezi, ndipo sindinganene kuti azakhali anazichita mwankhanza. Anandigoneka pamiyendo pawo pakhonde, n'kunditsegula zikope ndi zala, n'kufinyiramo mkaka. Unali wofunda. Ndinamva fungo la sopo ndi utsi pa chitenje chawo, ndipo ndikunena zoona, mtima wanga unasefuka, chifukwa chimwalirire mayi palibe anali atandigonekapo pamiyendo. Mkakawo sunathandize kanthu. Unangomata nsidze n'kuitana ntchentche.

Patangopita masiku ochepa Yamikani anayamba kutsegula m'mimba, thupi kutentha, n'kukana bere. Pamenepo ndi pamene moyo wanga unatembenuka. Zaka zimenezo nkhani ya ana ophunzitsidwa ufiti inali pakamwa pa aliyense, kumjigo, kumaliro, ngakhale pabwalo la tchalitchi anthu akatuluka. Amayi a kumjigo anawerengera mosavuta. Mkaka walowa m'maso a Elube, mwana wakana mkaka. Maso a Elube amafiira m'mawa uliwonse ngati a munthu amene sanagone. Nanga amakhala ali kuti anzake akamagona? Elubeyo ndine. Ndikafika ndi ndowa yanga anthu ankangoti zii, n'kumakokera ana awo kumbuyo. Kusukulu anzanga anasiya mpata mbali zonse ziwiri pamene ndinkakhala. Ndinkayenda nditawerama kuti asaone maso anga, ndipo kuweramako nakonso anati ndi umboni.

Amalume anamva zonsezi. Sanagwirizane nazo, koma sanazikanenso. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo anthu ankawatama kuti ndi ofatsa. Ine kufatsa kwa mtundu umenewo ndimadana nako mpaka lero. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza kuti, “Amalume, maso akundivuta, tipite kuchipatala.”

“Tiona tikatha fodya,” anatero, osadzutsa n'komwe mutu pa masamba.

Koma Yamikani sanadikire fodya. Tsiku lomwe anayamba kudwala, azakhali anamubereka, amalume n'kuwakweza panjinga mpaka kuchipatala chaching'ono cha ku Santhe. Anapatsidwa mankhwala ndipo posakhalitsa anayambanso kuyamwa. Mwana wawo anamutengera kwa adokotala. Ine anandiitanira sing'anga.

Linali Loweruka masana, amalume atapita kukabwereka jeke yodindira mabelo. Anabwera panjinga bambo wina wa kutsidya kwa dambo, atavala jekete ngakhale kunali dzuwa. Azakhali anandiitanira kuseri kwa chigafa. Bamboyo anandiyang'ana m'maso n'kupukusa mutu ngati munthu amene wapeza zimene amayembekezera. Anati ndili ndi maso awiri a masana ndi awiri a usiku, ndipo mankhwala ake atseka a usikuwo. Anatulutsa kabotolo ka madzi obiriwira moderako. Sindikudziwa zonse zimene zinali mmenemo, koma fungo la tsabola ndinalimva botolo litangotsegulidwa. Anapinda tsamba la mango ngati kafanulo.

Azakhali anandigoneka pamiyendo pomwe paja. Dzanja limodzi anandipana nalo pachipumi, lina pachibwano. Bamboyo anayambira diso la kumanzere.

Ndaphikapo pamoto zaka zambiri, ndapsapo ndi mafuta, ndabereka ana, koma ululu umene uja sindinaumvenso. Zinali ngati andithira khala la moto m'mutu. Ndinakuwa, ndinaponda pansi ndi zidendene, ndipo ndinamva bamboyo akunena modekha kuti, “Mwaona? Zikutuluka zimenezo. Mutembenuzeni.” Potembenuza mutu wanga kuti afikire diso la kumanja, dzanja la azakhali linaterereka pachibwano n'kufika pakamwa panga. Ndinaluma mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu. Sindinalume ngati mwana wosewera. Ndinaluma mpaka mano anga anamva kulimba, ndipo sindinasiye kufikira atandikankha. Ndinathawira kudimba ndikuona ndi diso limodzi, n'kukamiza nkhope m'chitsime chothirira ndiwo.

Madzulo ake mudzi wonse unali utaweruza kale. “Mwana wa munthu angalume chonchi?” azakhali ankatero, akuonetsa dzanja lomangidwa ndi kansalu kwa aliyense wodutsa. Lamulungu anapita kutchalitchi ndi bandeji yawo, anaimba nawo nyimbo, ndipo amayi anzawo anawapepesa. Ine palibe anabwera kudzaona diso langa. Amalume anandikwapula ndi kamtengo ka m'chigafa chifukwa cha mwano, ndipo za sing'anga anangoti azakhali anali ndi mantha chifukwa cha mwana.

Diso la kumanzere linatupa mpaka kutsekeka. Silinkayabwanso, linkapweteka, ndipo kuwala kulikonse kunkandilasa mpaka kumbuyo kwa mutu. Ndinkakhala m'nyumba nditafunda chitenje kumutu, ndikumva jeke ikulira panja, amalume ndi anzawo akudinda mabelo, akuseka. Fodya sadikira, ankatero. Anadinda, anasoka ziguduli, anadikira galimoto, ananyamula. Mabelo atachoka m'pamene amalume anakumbukira kuti m'nyumba muli mwana wa mlongo wawo. Anandikweza panjinga mpaka pamsewu, tinakwera matola kupita ku Boma.

Adokotala a maso anali bambo wochepa thupi, wolankhula Chichewa chopendekera ku Chitumbuka. Anandikhazika pampando, anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga, n'kundifunsa kuti, “Mama, masowa akuyabwa kapena akupweteka?”

Miyezi yonse ija anthu ankandifunsa kumene ndimapita usiku, amene anandiphunzitsa, chimene ndinamuchita Yamikani. Palibe ngakhale mmodzi anali atandifunsapo chimene ndikumva m'maso mwanga. Ndinayankha ndikulira kuti la kumanja likuyabwa, la kumanzere kale linkayabwa koma tsopano likupweteka.

Anandifunsanso ngati amayabwa chaka chilichonse, ngati ndimayetsemula, ngati wina kunyumba anatengera. Kenaka anapinda chikope cha diso la kumanja n'kuwaitana amalume kuti aone timatuza timene tinali mkati mwake, tondondozana ngati timiyala. Anawafotokozera kuti zimenezi ndi ziwengo za m'maso. Monga ena thupi lawo limawenga nyama kapena nsomba zina n'kutuluka zidzolo, ana ena maso awo amawenga fumbi, utsi ndi mungu wa maudzu. Chizindikiro chake chachikulu ndi kuyabwa, maso onse awiri, misozi yambiri koma osati mafinya, ndipo zimapita n'kubweranso ikafika nyengo yake. Sizipatsirana. Ana ambiri zimawachepera akamakula. Anati chofunika ndi kumuchotsa mwana pafumbi, kumusambitsa kumaso ndi madzi oyera ozizira, kumuika kansalu konyowa pamaso m'malo motikita, ndi kumuthira mankhwala a madontho ochokera kuchipatala. Mkaka, madzi a masamba, shuga, zonsezo ayi.

Potsiriza anafika pa diso la kumanzere. Anathiramo kadontho kachikasu, n'kuunika ndi tochi, kenaka anatembenukira kwa amalume.

“Bambo, muno mwathiridwa chiyani?”

Amalume asanayankhe, adokotala anapitiriza.

“Pakati pa diso pali chilonda. Diso likasiya kuyabwa n'kuyamba kupweteka, mwana n'kumaopa kuwala, munthu sagona nalo kunyumba. Mwachedweranji?”

“Tinali pa fodya,” anatero amalume.

“Chabwino,” anatero adokotala. “Fodyayo akagulidwa mudzandiuze ngati kumsika kuli ogulitsa diso.”

Anandigoneka m'chipatala masiku angapo, akundithira mankhwala pafupipafupi. Chilonda chinapola, koma chinasiya chipsera choyera pakati penipeni pa diso. Ndi diso limenelo ndimaona kuwala ndi zithunzithunzi basi. La kumanja linachira ndi madontho aja, ndipo ngakhale kuyabwa kunkabwererabe nyengo ya fumbi, ndinali nditadziwa chochita. Nditatha msinkhu kunayamba kuchepa kokha, monga ananenera. Tsiku lotuluka adokotala anandifunsa kuti zinatheka bwanji kuti la kumanja lisathiridwe. Nditawauza, sanaseke ndipo sanandidzudzule. Anangoti, “Unachita bwino.”

Musaganize kuti nditabwerera kumudzi wina anagwada. Azakhali atamva zimene achipatala ananena anangoti, “Achipatalawo za kumudzi amazidziwa?” Amalume anandichotsa m'chigafa chifukwa ankaopa kukaonananso ndi adokotala aja, ndipo azakhali ananditcha dzina loti abwana oopa fumbi. Ntchito ya madzi, nkhuni ndi kudimba yonse inagwera ine. Sindinadandaule. Kudimba kunali chinyontho ndipo kunalibe anthu.

Lero ndine telala. Ndili ndi makina anga pakhonde la sitolo ina pa Santhe, ndipo ulusi ndimalowetsa mu singano ndi diso limodzi mwachangu kuposa anzanga a maso awiri. Amalume anatisiya kalekale, ndipo azakhali anabwereradi kwawo monga ankaopera, ngakhale kuti si ine ndinawathamangitsa. Munda uja ndimalimamo soya ndi mtedza. Fodya sindilima, ndipo amene akufuna kudziwa chifukwa chake andiyang'ane kumaso.

Chaka chatha, mwezi wa fumbi, tsiku la msika, ndinaona gogo wina ataima patsogolo pa makina anga atagwira kamnyamata padzanja. Ndinawazindikira asanalankhule. Anali atafupika, mutu wonse mbuu. Mwanayo anali wa Yamikani. Anali atavala chipewa chachikulu chophimba mpaka pamphuno, ndipo ankatikita maso ndi chibakera momwe ndinkachitira ine. Nditamuvula chipewacho ndinaona maso anga a kale akundiyang'ana, ofiirira, otupa zikope, odzaza misozi.

“Elube,” anatero azakhali, “akuti iwe umawadziwa matenda amenewa.”

Mawu ambiri anafika pakamwa panga, amene ndinawasunga zaka zonsezi. Ndinafuna kuwafunsa ngati uyunso ali ndi maso a usiku. Ndinafuna kuwafunsa ngati bambo wa jekete uja akadali moyo kuti timuitane. Sindinanene, osati chifukwa cha ulemu, koma chifukwa mwanayo ankamva. Ndinagwada mpaka nkhope yanga inafanana ndi yake.

“Akuyabwa kapena akupweteka?”

“Akuyabwa,” anatero motsitsa mawu.

Mtima unakhala pansi. Ndinawafunsa azakhali ngati amuthira chilichonse. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kabotolo ka madontho kamene anagula kwa mnyamata wina woyala mankhwala pansi mumsika. Anati akathira maso amayera msanga, koma akasiya amafiiranso. Ndinawalanda. Madontho ena oyeretsa maso msanga chotero ndi amphamvu, amafuna adokotala aziyang'anira, ndipo ukamangothira miyezi ndi miyezi amaononga diso mwakachetechete. Zimenezi anandichenjeza adokotala aja ndili mwana, ndipo sindinaiwale. Ndinaphimba makina, ndinasiya madiresi a anthu osamaliza, n'kunyowetsa kansalu koyera m'madzi ozizira kuti mwanayo agwirizire pamaso m'njira. Tinakwera minibasi ya ku Boma tsiku lomwelo.

Tili m'galimoto azakhali analankhula akuyang'ana pawindo. “Nthawi imene ija sitinkadziwa.”

N'zoona kuti sankadziwa, ndipo kusadziwa sindikuimba mlandu. Mayi anganso sankadziwa, koma ananyowetsa kansalu. Chimene ndazindikira nditakula n'chakuti diso langa silinaonongeke ndi ziwengo, chifukwa ziwengo zili ndi mankhwala ake ndipo zikanangodutsa. Linaonongeka chifukwa anthu anali atasankha kale chimene akufuna kuona mwa ine, ndipo munthu amene wasankha kale safunsa. Funso limene likanandipulumutsa silinafune sukulu kapena ndalama. Linkangofuna munthu woti awerame n'kumufunsa mwana chimene akumva. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu ndinaumva kambirimbiri pamaliro a mayi anga, kuchokera kwa anthu omwewo amene pambuyo pake ankakokera ana awo kumbuyo ndikafika pamjigo.

Kuchipatala mwanayo anamuona, anamupatsa madontho oyenera, ndipo maso ake onse awiri ndi abwinobwino. Ndinamuuza Yamikani pamaso pa mkazi wake kuti ndikadzamva kuti mwanayu walowanso m'chigafa nthawi yosankha, ndidzabwera ndekha, ndipo akudziwa mbiri yanga.

Pobwerera tsiku lija mwanayo anagona pamiyendo pa agogo ake, kansalu kali pamaso. Azakhali anaika dzanja pachipumi pake kuti mutu usagwedezeke ndi mabampu, ndipo pamenepo ndinachiona. M'munsi mwa chala chachikulu, pakhungu lokwinyika, chipsera cha mano anga chikadalipo, chozungulira ngati kamwezi. Anaona kuti ndikuchiyang'ana ndipo anafuna kuchibisa m'chitenje, koma mwana anali atatsamira dzanjalo. Tinayenda choncho mpaka pa Santhe, iwo ndi chipsera chawo, ine ndi changa. Ndinachiyang'anitsitsa njira yonse, ndi diso lomwe lija limene anali atatsala pang'ono kulithira.